Levitiko 15 ndi Mchere wa Azakhali

Azakhali amene ndimakhala nawo ku Donholm salola mtsikana amene ali kumwezi kuphika kapena kuthira mchere. Amati Levitiko 15 imamutcha wodetsedwa. Kwa anzanga kusukulu ndinkawanyoza: munthu wa mu ofesi ku Nairobi kuno, n'kumaopa mchere!

Tsiku lina, nditatopa ndi kudula ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma, ndinawanamiza kuti ndili kumwezi. Anandichotsa kukhitchini. Zinandikomera, mpaka bodzalo linatha masabata atatu.

"Tadala mwananga, Baibulo likuti masiku asanu ndi awiri," anatero, misozi ikulengeza. "Vala, tipite kuchipatala."

Ine wa Fomu 3, wonyoza Mose, ndinakaulula tili m'minibasi imene kuno amati matatu, kondakitala akumva. Azakhali sanakalipe. Titabwerera, anangondipatsa mpeni ndi sukuma.