Uladi, munthu amene ankalipidwa kugwa

Uladi kwawo ndi ku Liwonde, kumunsi kwa mlatho, koma anakwatira ku Chikweo. Ndi mkamwini. Njerwa anaumba yekha, malata anakhoma yekha, koma dothi limene nyumbayo yakhalapo ndi la eni ake, ndipo eni akewo saiwala. Mkazi wake ndi Lukiya. Mwana ndi mmodzi, Yasmin, wa zaka zinayi.

Sukulu Uladi analekeza sitandade folo. Chimene Mulungu anamupatsa n'kutsanzira basi. Mbuzi ikalira iye ankayankha, mbuzi n'kutembenuka kufunafuna inzake. Ankatha kuyenda ngati apongozi ake aakazi, dzanja pachiuno, mphuno m'mwamba, anthu n'kugubuduka ndi kuseka.

Ntchito inamupeza ku Balaka akusenza matumba pa siteshoni. Tsiku limenelo ankasangalatsa anzake, akutsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe. Mayi wina wamagalasi anaima n'kumufunsa kuti chifuwacho chayamba liti. Uladi anaseka. Mayiyo sanaseke, anangoti, "Tachitaninso." Anali a Modester, aphunzitsi a ana a kuyunivesite amene amaphunzira unamwino ndi udokotala.

Anawo asanawalole kugwira wodwala weniweni, amayamba ayeserera. Pachipatala ku Balaka komweko ali ndi chipinda chonga wodi, mabedi, madiripi, ndi zidole zamphira zazikulu ngati anthu. Koma chidole sichibuula, sichitukwana, sichikana jakisoni. Ndiye amafuna anthu abwinobwino oti azidwala mwadala. Uladi anadinda chala papepala, lamulo lili limodzi: osauza munthu matenda ako, chifukwa ndi mayeso. Kunyumba ankangoti akukasenza matumba. Ndipo ngakhale lamulolo likanakhala kuti palibe, mwamuna ungayambe bwanji kuuza apongozi kuti ntchito yanga n'kubuula?

Kawiri pamwezi ankapalasa njinga mpaka pa tala, n'kukwera minibasi. Anakhalapo wolumidwa ndi njoka, wothyoka mwendo, wa m'mimba mwa kamwazi. Koma pamene ankaposa onse ndi pa khunyu. Kachidutswa ka sopo m'tsaya, kenako khu! pansi. Maso oyera okhaokha, mano gwa, miyendo ikumenya simenti, thovu tuu. Mtsikana wina anathawa kusiya nsapato. Amene ankalimba mtima ankakhoza: kuchotsa mipando, kuika nsalu kumutu, kumugoneka cham'mbali, kuyang'ana wotchi, osamulowetsa kanthu m'kamwa.

Zaka ziwiri zinayenda bwino. Kenako mwana wina anamujambula pafoni kuti azikawerengera mayeso, n'kutumizira mnzake, mnzakeyo mnzake. Vidiyo ija inakafika ku Chikweo pamalo otchajitsa mafoni Uladi asanafike.

Atafika anapeza mbale yake ndi kapu yake zili pazokha pakhonde. Kwathu kuno ambiri amakhulupirira kuti khunyu amayenda m'malovu. Yasmin kunalibe, anamutengera kwa agogo ake.

"Mayi a Yasmin, zimenezi ndi zotani?"

Lukiya anangomulozetsa foni. Uladi anadziona yekha akuphupha, kenako atadzuka, namwino wachinyamata akumufunsa kuti kunyumba amakhala ndi ndani. Iye wa mufoniyo n'kuyankha mwachisoni kuti, "Ndekha, sindinakwatire."

"Ndi zimene analemba papepala! Amandiuza zonena!"

"Oo, ndiye ife ndife nkhuku? Matumba ake ndi amenewa?"

Masiku anayi mwana ankamuonera patali. Yasmin akati athamangire kwa bambo ake, agogo ankamugwira diresi. Kumzikiti pamzere, kumanja kwake ndi kumanzere kwake kunkatsala mpata wokwana njinga.  Uladi anaimbira a Modester: "Madamu, bwerani mudzandichitire umboni, banja likutha kuno." Iwo anapepesa kwambiri, anati mwana wojambula uja amulanga, koma ndi nthawi ya mayeso sangachoke. Anamulembera kalata, pansi chidindo.

Lachisanu atachoka ku swala kumzikiti, nkhani inakhala pabwalo la a Che Sharifu, amalume ake a Lukiya. Mawu awo ndiwo amati mkamwini akhale kapena anyamule chikwama. Uladi anagwada n'kupereka kalata ndi manja awiri. A Che Sharifu anaitembenuza uku ndi uku. Yonse Chingerezi.

"Chidindochi n'chakuti?"

"Chakuchipatala, amalume."

"Ehe! Mwamva nonse. Munthu wabwinobwino amayenda ndi kalata yachipatala?"

 Uladi anaona chikwama chake m'maganizo, anaona Yasmin akuitana munthu wina kuti bambo. Ndiye anaganiza nzeru imene ankayesa yabwino.

"Amalume, wodwala weniweni sasankha nthawi. Inu muwerenge mpaka katatu, ine ndigwa. Mukati basi, ndidzuka. Muone nokha kuti ndi sewero."

"Pano?"

"Pompano."

Anawerenga. Uladi anagwa.

Akanagwa mwaulesi mwina bwenzi zitatha. Koma munthu anali pa nkhondo yomenyera banja, ndiye anagwa kugwa kumene ngakhale ku Balaka sanakuonepo. Fumbi koboo! Amayi anabalalika, wina kugwetsa lichero la nandolo. Apongozi aakazi anakuwa, "Supuni! Bweretsani supuni aluma lilime!" A Che Sharifu anali atathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo zoti anene basi anaiwala. Uladi ali pansipo ankadikira, khosi likuwawa, mchenga m'makutu, mumtima akuti nkhalamba iyi yapita kuti? Ataona supuni ikubwera anadzuka yekha n'kukhala tsonga.

"Mwaona? Ndili bwino. Lero ndi Lachisanu, inu ndi amalume, awa ndi amayi. Ndinene nambala ya foni?"

Palibe anaseka. A Che Sharifu anabwerako akukonza chisoti.

"Ine sindinanene basi."

"Munathawa, amalume."

"Ndinakayang'ana nkhokwe! Che Uladi, ine ndakula. Wodwala matenda amenewa ndinamuonapo, ndipo amachita ndendende chonchi. Mpaka chala chachikulu kupindikira m'kati. Munthu wosadwala chala chimenecho angachidziwe bwanji? Tiuzeni, munaphunzira kuti?"

 Bodza linalipo, Uladi akanati anamuphunzitsa madamu. Koma mabodza ndi amene anamufikitsa pafumbipo, ndipo Lukiya ankamuyang'ana m'maso.

"Kwa achimwene anga, a Zubairu."

Dzina limeneli ku Chikweo anali asanalimvepo. Uladi anafotokoza atazolika. A Zubairu ankagwa kuyambira ali mwana. Ankadyera pawokha, kusukulu anawabweza, alendo akabwera ankawatsekera kuchipinda. Uladi ndiye ankawagwira mutu kuti usamenye mwala, ndiye chilichonse anachiona pafupi: chala, maso, mpweya. Kangapo konse anthu anawathyola mano ndi supuni. Tsiku lina anapita okha kukawedza mu Shire, zinawapeza ali m'bwato, osabwereranso.

"Ana aja ndikawagwera amaphunzira kugwira munthu bwino," anatero. "A Zubairu sanagwiridwepo bwino. Ine sindidwala iyayi. Ndipo ndinadya nawo mbale imodzi mobisa zaka khumi, sindinatengere. Madamu amanena kuti samapatsirana, mankhwala akenso alipo."

 Kenako apongozi aakazi anaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye zili kumtundu! Pofunsira mbeta anatibisira! Mdzukulu wanga ine, mayo!"

Uladi anagwira kumutu. Kalata yamupachika, kugwa kwamupachika, chilungamo chamumaliza. Anayamba kupempha ngati mwana: "Ndilandeni njinga, ndilandeni munda, koma mwana yekhayo musandilande. Amalume, chonde."

A Che Sharifu anatembenukira kwa Lukiya. "Iwe ndiye mwini nyumba. Ukuti bwanji?"

Lukiya anayankha akukanda pansi ndi kamtengo.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala nawo. Mkonono amachita, bodza amanena, koma kugwa sindinawaonepo. Akhale. Koma zoti sanakwatire zija tikakambirana kunyumba, awiri."

"Chabwino," anatero amalume. "Akhale. Ku Balaka kwatha. Mbale ikhale yawoyawo mpaka tikolole. Ndipo Che Uladi, mvetsani bwino: mukadzagwa kamodzi kokha, kaya ndi sewero, kaya si sewero, ife sitidzafunsa. Chikwama."

Yasmin anabwerera kunyumba madzulo omwewo, agogo ake akung'ung'udza m'mbuyo.

A Modester anaimba kawiri kumunyengerera, akuti amene analowa m'malo mwake amagwa ngati akuyala mphasa. Uladi anakana. Pano amalima thonje ndi chinangwa. Mumtengo wa mango sakwera. Mpira anasiya. Denga likadontha amaitana munthu wina. Mvula ikagwa, njira ya kumjigo ikaterera, mudzaona bambo wina wamphamvu zake akukankha njinga m'malo mokwera, akuponda pang'onopang'ono ngati pansi pali minga, maso uku ndi uku kuona ngati apongozi ali pafupi. Mukamupatsa moni sayankha msanga. Amayamba waima bwinobwino, miyendo yonse iwiri, kenako ndiye amati alaikumu salamu.