Mphuno ya Agogo

Ndikukumbukira chaka chimene m'masitolo a ku Kadoma munalibe ngakhale mchere. Chaka chomwecho ndi chimene bambo anasankha kumangira agogo chiliza. Agogowo anachokera ku Nyasalande n'kudzafera mumgodi ku Battlefields ine ndisanabadwe, osasiya chithunzi ngakhale chimodzi. Koma bambo anaumirira kuti papepala la mwambowo pakhale nkhope yawo. Poti ndinali nditatchuka ndi kujambula aphunzitsi kumapeto kwa makope, ntchito inagwera ine, kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu.

Ndinayamba ndi pensulo, bambo akundifotokozera: nkhope yaitali, mpata pakati pa mano, chipewa chopindika. Loweruka tinakwera lole kupita ku Chegutu, kumene msuweni wanga Fanuel anali ndi kompyuta yosindikizira mapepala a maliro. Analowetsamo chojambula changa, n'kundionetsa kutsata mizere ndi mausi, kenako kupaka mitundu. Kujambula ndi mausi kuli ngati kusoka ndi mpini wa khasu. Kachipindako kankanunkha inki ndi thukuta, ndipo dzanja linkachita dzanzi.

Koma mausi anali ndi ulemu poyerekeza ndi azakhali, mayi ake a Fanuel. Kwathu nkhope ya womwalira ndi ya mtundu wonse, aliyense ali ndi chonena, ndipo azakhali anaima kumbuyo kwanga n'kumandipumira m'khosi.

"Aiwa, iyi si mphuno ya bambo! Achimwene, mwamuuza chiyani mwanayu?"

"Mphuno ndi yomweyo, achemwali," anatero bambo. "Inu munali wamng'ono."

Ndikaikulitsa, bambo ankati ndawapatsa agogo mbatata. Ndikaichepetsa, azakhali ankati ndajambula mzungu. Titangotsala pang'ono kugwirizana, magetsi anathima, ndipo Fanuel anali asanandiuze kuti ntchito amaiseva. Zonse zinapita. Ndinalira chifukwa cha ukali, osati chisoni. Masabata atatu anatha choncho, tsiku la chiliza likuyandikira, agogo alibe mphuno.

Loweruka lomaliza ndinali nditatopa nawo onse, amoyo ndi akufa omwe. Awiriwo akukangana, ndinayang'ana bambo ataima pawindo, n'kungoyamba kuwajambula iwowo: mphuno yawo, makwinya a pachipumi, maso ofiira ndi fumbi la thonje la kuntchito kwawo. Ndinawaveka chipewa chija, n'kutsegula mpata pakati pa mano, n'kuseva kawiri.

Azakhali anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndi iwowo. Bambo enieni."

"Sindinanene?" anatero bambo, akudzitama.

Masabata atatu kuvutikira mphuno imene ndinkakhala nayo limodzi m'lole!

Chaka chotsatira ntchito ya bambo inatha kufakitale ya nsalu, ndipo anapita ku Joni. Chithunzi chawo chokha chinali cha pachitupa, ndipo anapita nacho. Sanabwerenso.

Masiku ano ndimajambula ndi cholembera pagalasi la kompyuta, ndipo mphuno ndimaikonza nthawi yosakwana kumwa kapu ya tiyi. Ana anga amajambula pafoni ngakhale chakudya asanadye. Pepala la chiliza lija lili pakhoma pabalaza, mitundu inafwifwa, dzina lolembedwa pansi ndi la munthu amene sindinamuonepo. Anawo akandifunsa kuti ameneyu ndani, ndimawauza kuti ndi agogo awo. Sindinama.