Chikope Chakumanzere

Kabokosiko ndinakagula mumsika wa pa Mzimba boma, kwa mayi wina wogulitsa mawigi ndi mafuta odzola. Munali mitundu isanu ndi umodzi ya zopaka m'zikope, uliwonse wotumphuka ngati kabanzi. Mayiyo anandiuza kuti zimenezi si ufa wamba uja umayoyoka ukangotuluka thukuta, izi amachita kuziwotcha mu uvuni, ndipo ndikanyowetsa kaburashi kake mtundu ugwira mpaka dzuwa kulowa. Mtengo wake unali woti ngakhale mphunzitsi wa pulayimale ngati ine akanatha kugula pakati pa mwezi. Pa za kugwirazo mayi uja sananame.

Nthawi imeneyo ndinali nditatha miyezi isanu yokha m'banja. Kwathu ndi ku Ntcheu, ku Mzimba ndinabwera ndi ntchito, mwamuna ndinamupeza konko. Iye ndi wa kufupi ndi Embangweni, ankacheka matabwa ku Viphya n'kumabwera kunyumba Lachisanu madzulo. Chitumbuka changa chinkathera pa moni ndi yewo, zikomo wakumeneko. Tsono mwamuna wanga, pofuna kundithandiza, anandiphunzitsa njira yachidule: akuluakulu akamalankhula gwada, yang'ana pansi, ndipo ukapanda kumva ingoti enya, ndiye kuti inde. Ankati palibe mtengwa amene anabwezedwapo kwawo chifukwa chovomera.

Kubwezedwa kwathu ndiko ndinkaopa usana ndi usiku. Apongozi anga aakazi anali mayi wamtali, wowonda, wa bulauzi yoyera ya amayi a kumpingo, ndipo mano awo ndinali ndisanawaonepo. Ndinamva m'maluwa kuti iwo ankafunira mwana wawo mtsikana wa m'mudzi momwemo, osati wobwera wosadziwa chilankhulo. Tsiku lina kutchalitchi kwawo ndinaona ndi maso anga atangoyang'ana mtsikana wa kwaya amene anapaka milomo. Sananene kanthu, koma mtsikanayo anatuluka yekha n'kubwerako milomo ili mbuu. Kuyambira pamenepo ndikamapita kumudzi ndinkadzola mafuta okha, ndolo ndinkavulira m'basi.

Loweruka lina mwamuna wanga anapita kukameta, ine ndinakhala pabedi ndi kalilole ndi kabokosi kanga. Ndinasankha mtundu wa pepo wakuda, wonga khungu la mabiringanya. Ndinanyowetsa kaburashi monga anandiuzira, ndinapaka chikope chakumanzere, ndinabwerezanso, kenako ndinawonjezera wobiriwira pang'ono m'mbali monga ndinaonera pafoni. Ndisaname, ndinadzikonda. Ndisanayambe diso lakumanja foni inalira. Anali mwamuna wanga, akuti wakumana ndi makolo ake padepoti, abwera kudzagula mbewu, ndipo atsala pang'ono kufika pakhomo.

Kabokosi ndinakaponya pansi pa matiresi n'kuthamangira kubafa. Madzi okha sanachite kanthu. Ndinatola sopo wochapira zovala, ndinakhula ndi nsonga ya chitenje, sopo analowa m'diso, ine osasiya kukhula. Ndinayang'ana pakalilole. Kunyezimira kuja kunali kutachoka, koma pepo uja anafalikira mpaka pansi pa diso, wobiriwira ali m'mbali mwake, chikope chitatupa, diso lili psuu. Panja ndinamva mawu a odi.

Ndinachita zonse zimene mtengwa amachita kumeneko. Apongozi aamuna ndinawapatsa moni ndili patali, nditagwada pakhomo la khitchini, nkhope nditatembenuzira kukhoma, ndipo iwo anakakhala pakhonde ndi mwana wawo, amene sanandiyang'ane n'komwe poti anali kalikiliki ndi mipando. Apongozi aakazi analowa m'nyumba n'kukhala pamphasa. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinagwetsa maso pansi mwaulemu. Chimene sindinaganize n'chakuti munthu ukayang'ana pansi, mnzako amaona zikope zako zokhazokha. Ndikanawayang'ana m'maso mwachipongwe, mwina bwenzi zitabisikako.

Moni wanga sanayankhe. Anandiyang'anitsitsa kumaso. Kenako anaimirira, anandigwira pamkono n'kundikokera kukhitchini, n'kutseka chitseko. Anandikweza chibwano ndi zala ziwiri, anandipendeketsa nkhope kuwindo.

"Wakutimba?" anandifunsa motsitsa mawu.

Liwulo ndinali ndisanalimvepo. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, choncho ndinaganiza kuti akundifunsa ngati ndapaka. Ndinaona kuti kukana kungowonjezera bodza pamwamba pa mlandu.

"Enya, amama," ndinatero, misozi ikutsika. "Pepani."

Anatembenukira ku Chichewa chawo cholemera n'kundifunsa kuti zayamba liti. Ndinati lero lomwe, aka n'koyamba, ndipo sizidzachitikanso. Iwo anaseka kamodzi m'mphuno, kuseka kosasangalatsa, n'kunena kuti aliyense amatero tsiku loyamba. Anandiuza kuti ndikalongedze zovala zanga, sindigona m'nyumba imeneyi.

Ndinagwira miyendo yawo. Ndinapempha m'Chichewa, ndinapempha ndi timawu ta Chitumbuka timene ndinali nato, koma iwo anangondichotsa manja n'kuloza kuchipinda. Ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu, zipi inandikanika kawiri. Ndinkaganiza za amalume anga, amene anakana kwa nthawi yaitali kuti ndikwatiwe kutali chonchi, ndi mmene ndikanatsikira basi kwathu ndi sutikesi patangotha miyezi isanu yokha. Anthu akandifunsa ndikati chiyani? Kuti banja latha chifukwa cha chikope chimodzi? Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ndinadzida.

Ndili mkati mopinda madiresi, pakhonde panabuka mawu. Anali apongozi aakazi. Mayi amene ndinkamudziwa kuti salankhula pamaso pa mwamuna wake asanagwade, tsiku limenelo ankalankhula ataimirira, mokweza, moti aneba athu, anesi awiri ochokera ku Zomba, anasiya kuchapa. Zambiri sindinazimve, koma liwu lija la kutimba linkabwerabwera, ndipo mwamuna wanga ankangoti yayi, yayi, kukana ngati mwana wa sukulu.

Mwamuna wanga anatulukira pakhomo la chipinda ali wefuwefu. Ataona diso langa anabwerera m'mbuyo.

"Iwe, diso latani? Wawauza amama kuti ndakumenya?"

Apo m'pamene ndinadziwa tanthauzo la liwu lija. Sankandithamangitsa ayi. Ankandichotsa m'manja mwa mwana wawo, kuti ndikakhale kwa iwo. Koma m'malo mopepukidwa, mantha anangosintha malo. Kuti mwamuna wanga ayere, ndinayenera kutulutsa kabokosi kaja pamaso pa mayi yemwe uja wa kutchalitchi. Ndivomere pano kuti ndinakhala kaye chete, ndipo kanthawi kameneko sindinyadira nako. Mwamuna wanga anangondiyang'ana.

Ndinapisa dzanja pansi pa matiresi. Ndinatuluka pakhonde, ndinagwada, ndinatsegula kabokosiko n'kukaika pamphasa. Ndinafotokoza zonse, za mumsika, za kaburashi konyowa, za sopo, ndi za enya amene ndinayankha ndisanamve funso. Pofuna kuti akhulupirire, ndinanyowetsa chala ndi malovu, ndinakhudza pepo uja n'kudzipaka pamsana pa dzanja. Mtundu unatuluka womwewo.

Palibe anaseka. Anesi aja anabwerera ku zochapa zawo mwakachetechete. Apongozi aamuna anali atavula chipewa n'kumachizunguliza pamaondo, maso ali pa nsapato zawo. Pambuyo pake mwamuna wanga anandimasulira zimene mayi ake ananena pakhonde paja. Anamufunsa ngati anamulera kuti adzafanane ndi bambo ake. Anatchula chaka chimene zinayamba, anatchula dzino limene alibe, anatchula masabata amene ankajomba kutchalitchi n'kumauza anzawo kuti akudwala maso. Ana awo onse anakula osamva nkhani imeneyi ikutchulidwa, ndipo inatuluka tsiku limenelo, aneba akumva, chifukwa cha kabokosi kanga kotchipa.

Ine ndinali chigwadire, kudikira chilango changa. Apongozi aakazi anatola kabokosiko n'kukayandikiza kumaso. Anayang'ana mitundu yonse, umodziumodzi, mosafulumira. Ndinkayembekeza kuti akaponya kudzala, kapena andiuza kuti sutikesi ija ndiimalize ndithu. Iwo anaika chala pa pepo uja, anachiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine.

"Langa linkakhala ngati ili," anatero. "Pakatha masiku atatu, mbwenu lasanduka ili." Analoza wobiriwira uja.

Anatseka kabokosiko n'kundibwezera m'manja. Anandiuza kuti ndikamasule sutikesi, ndipo diso ndilithire madzi ozizira, ndisiye kulikhula. Poti nthawi inali itatha, anati mbewu akagula tsiku lina. Mwamuna wanga anawaperekeza kudepoti, ine ndinaima pakhomo kuwayang'ana. Masiku onse mayi aja ankayenda pambuyo pa amuna awo atasenza katundu, koma tsiku limenelo anali patsogolo, chikwama chili m'manja mwa bambo.

Mtundu uja unatha Lolemba, kutupa kunatha Lachitatu. Kabokosiko ndikadali nako m'dirowa. Wagolide ndi wa khofi ndinapaka mpaka pansi pake panaoneka, koma pepo uja ali momwemo, ndi chidindo cha chala cha apongozi anga pakati pake.