Njerwa Yanga ndi Mayi wa ku Sipanya

Anandilanda mpando nditaukhalira tsiku limodzi lokha.

Ndinali kalasi yachisanu pasukulu ina kufupi ndi Chidzolomondo. Tinkaphunzira titakhala pa njerwa, aliyense ndi yake. Mlungu wina lole inabwera ndi mipando yobwereka kusukulu ina, chifukwa kunkabwera mlendo, phungu wa nyumba ya malamulo ya mayiko a ku Ulaya, amene anathandiza kumanga makalasi athu. Aphunzitsi anatiuza kuti tibise njerwa kuseri kwa chimbudzi.

Mlendoyo anali mayi wamfupi wa ku Sipanya, wa imvi, nsapato zili mbuu ndi fumbi la msewu wa Furancungo. Chilankhulo chake chinkafanana ndi Chipwitikizi chimene tinkaphunzira kusukulu, moti tinkamumva popanda womasulira. Anatiuza kuti bambo ake anali mlimi, kuti iye anayamba ndale pokangana za madzi m'katauni kawo, mpaka anakafika kumene mayiko amagawana ndalama.

Ine mpando unkandizunza. Miyendo inkalendewera, ndinkangotembenuka. Mayiyo anandiona.

"Iwe, dzulo unakhala pati?"

Aphunzitsi anatsokomola. Ine kuleza mtima ndinalibe kuyambira kale. Ndinatuluka n'kukatenga njerwa yanga, yosalala ngati mwala woperera.

Anaiyang'ana, n'kukhalapo, ndi buluku lake loyera.

Kwathu sungakhale pamwamba mlendo wolemekezeka ali pansi. Akuluakulu onse a mataye amene anabwera naye anatsika pamipando, nanjuta. Mmodzi wamimba yaikulu mawondo ake analira kuti thethe! Mayiyo sanafulumire. Anafunsa mafunso ola lathunthu, akulemba m'kabuku, iwo thukuta lili kamukamu.

M'mawa mwake lole inadzatenga mipando. Ine ndinalandira zikoti, ndipo aphunzitsi anati, "Wanzeruwe, uzikaphunzira ku Sipanya konko." Bambo atamva anangoti, "Basi, fodya akufuna manja." Kusukulu sindinabwererenso.

Mayi uja sanaiwale. Mvula isanagwe inabwera mipando yatsopano, yathuyathu, yosabwereka. Andale ndawaona ambiri, a zipewa ndi nsalu zogawa, koma amene anadetsa zovala zake chifukwa cha ana osavota ndi iye yekha. Tsiku lina ndinamuona pafoni ya mnzanga akukalipa m'nyumba ya malamulo ija, chala m'mwamba, ndipo ndinaseka ndekha.

Lero ana a pasukulupo sadziwa kuti njerwa imazizira bwanji mu Juni. Mlongo wanga wamng'ono wamaliza kalasi yachisanu ndi chiwiri. Ndiye amandiwerengera mapepala a kampani ya fodya ndisanasaine.