Mlongo Samusudzula

Chaka cha masankho telala sagona ndi njala. Zipani zimagawa zitenje zokhala ndi nkhope za anthu ofuna upulezidenti, ndipo zambiri mwa zitenje zimenezo zimathera pa makina anga, pakhonde la sitolo ina pamsika wa Katete. Luso lake lili podula. Nkhope isagawike pamsoko, komanso isagwere kumbuyo kumene munthu amakhalira. Ndasokapo nkhope za zipani zonse, ndipo singano yanga sinakanepo ina.

Chaka chimene ndikunenachi, anthu obwera kudzasoketsa anasiya kukamba za feteleza ndi mtengo wa thonje. Nkhani inali imodzi basi: ndani mwa atsogoleriwa akapambana adzalola amuna kukwatirana okhaokha, akazinso okhaokha. Wa chipani ichi ankati ndi wa chipani icho, wa chipani icho ankati ndi wa chipani ichi. Eni akewo pa wailesi ankakana onse, aliyense akuti dziko lino ndi lachikhristu. Chimene chinandizunguza mutu n'chimenecho. Ngati onse akukana, nanga mkangano uli pati? Amayi anga amati ndinabadwa ndi funso m'kamwa, ndipo ine ndimawayankha kuti safunsa anadya phula.

Ndinafunsa mdala wina amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki kukhoti, tsiku limene anabwera ndi buluku loti ndilichepetse m'chiuno. Anandiuza kuti kumayiko ena zinthuzi zili pawiri. Kuli ukwati weniweni, ndiye kulinso pepala chabe la boma limene anthu awiri amasaina, lonena kuti uyu ndi wanga, ine ndine wake. Anati kuno kwathu zonse ziwiri kulibe, lamulo limachita kumanga, ndipo palibe wofuna mavoti angayerekeze kuzitchula ndi pakamwa pabwino. Ine ndinafunsanso kuti pepala limenelo ntchito yake ndi yotani, poti si ukwati.

"Ni pepala la tsiku la mavuto, amayi," anatero mdalayo. "Mmodzi akadwala, ku chipatala amafunsa winayo. Mmodzi akafa, wotsalayo samupitikitsa pa nyumba. Basi."

Phazi langa linaima pa chopondera cha makina. Maganizo anali atathamangira kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika, kumene amayi anga aang'ono anali chigonere ndi matenda a chifuwa.

Amayi aang'onowa anali mng'ono wawo wa amayi anga. Anakwatiwapo kamodzi ali mtsikana, koma mkamwiniyo anangolima madzinja awiri n'kubwerera kwawo, osasiya mwana. Kenaka nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki kunafika mtsikana wina wochokera kutsidya kwa Vubwi, atasenza kamtolo ka zovala, akufuna ganyu ya kudimba. Amayi aang'ono anamupatsa khasu ndi pogona, ndipo sanachokenso. Ife ana tinkangoti amayi a ku malire. Zaka zoposa makumi atatu anakhala nyumba imodzi, nkhokwe imodzi, dimba limodzi la matimati ndi repu, njinga imodzi imene ankakanganirana tsiku lililonse la msika. Nditaphunzira kusoka, Khirisimasi iliyonse ankandibweretsera nsalu imodzi kuti nditulutsemo madiresi awiri, lalitali ndi lalifupi.

Ndili kamtsikana ndinaona kuti m'nyumba mwawo munali mphasa imodzi yokha, yopindidwa pakona. Ndinakafunsa amayi anga kuti nanga winayo amagona pati. Ananditsina pantchafu mpaka misozi, nati mwana wabwino sawerenga mphasa za eni. Kuchokera pamenepo sindinamvepo munthu m'mudzi akutchula kanthu. Anthu anangowazolowera monga amazolowerera mtengo wa m'mbali mwa njira.

Kampeni ndiyo inadzavundukula zimenezi. Malume anga, mwini mbumba yathu, anali wapampando wa chipani china m'mudzimo. Si munthu wankhanza ayi. Ndi munthu wa pakamwa pozuna, wokonda kuomberedwa m'manja, ndipo chimene amaopa kuposa njoka ndi kusekedwa pagulu. Malaya awo a kampeni ndinawasokera ndine, nkhope ziwiri kutsogolo, imodzi yaikulu kumsana. Tsiku lina pogulitsira thonje ku Sinda, malume akunyoza mtsogoleri wa chipani china kuti adzakwatitsa amuna okhaokha, bambo wina wa chipani chimenecho anawadula pakamwa. Anawauza kuti ayambe asesa pakhomo pawo, poti mu mbumba yawo momwemo muli akazi awiri a mphasa imodzi. Anthu anaseka. Malume anakwera pa belo la thonje n'kulumbira pamaso pa onse kuti awiriwo ndi munthu ndi mng'ono wake, onse ndi alongo awo, ndipo wonena zina adzalipa mbuzi. Nkhaniyi ndinaimva kwa anthu atatu osiyana, aliyense atathirapo mchere wake, koma lumbirolo linali lofanana.

Atafika kumudzi, malume anakalankhula zina. Anauza amayi anga kuti wodwalayo akadzangotsogola, mayi wa ku malire uja abwerere kwawo, chifukwa mlendo ndi mame. Amayi anandinong'oneza zimenezi nditapita kukazonda matenda. Ndinafunsa kuti kwawo kwake ndi kuti. Mudzi umene amayi a ku malirewo anachokera unapsa pa nkhondo, m'bale wamoyo sankamudziwa ndi mmodzi yemwe, mutu unali utayera ndipo bondo limodzi linkakana kupinda. Akachotsedwa pa nyumba ija analibe kolowera. Amayi anga anangopitiriza kusenda mtedza.

Amayi aang'ono anamwalira kutatsala masabata awiri kuti tivote. Ine pa maliro ndimalira ndithu, koma maso anga saleka kuona, ndi chilema changa. M'nyumba ya maliro mumakhala a mbumba ndi mwamuna kapena mkazi wa womwalirayo, ndipo anansi amakhala panja. Amayi a ku malire, amene anasambitsa wodwalayo miyezi yonse ija ndi kumutembenuza, anakhala pakhomo penipeni, thupi m'nyumba, miyendo panja. Aliyense ankalira motchula chibale chake, wina mng'ono wanga, wina mayi anga, wina mlongo wanga. Amayi a ku malire okha ankangolira osatchula kanthu. Ndinamvetsera masiku onse awiri, ndipo sanatchule liwu ndi limodzi lomwe.

Tsiku lometa tinasonkhana m'mawa pansi pa mtengo wa mango. Pa tsiku limeneli achibale a womwalira amametedwa tsitsi, ndipo nkhani za pakhomo zimakambidwa anansi akumva. Analipo ambiri, pamodzi ndi adzukulu amene anakumba manda, ena mwa iwo a chipani chija chinaseka malume ku Sinda. Malume anaimirira atavala malaya aja, nalankhula mokoma kwambiri. Anayamikira amayi a ku malire chifukwa chodwazika matenda mosanyinyirika. Anati mbumba siiwala zabwino, choncho yaganiza zowasudzula mwaulemu, kuwapatsa mbuzi ndi chimanga, n'kuwaperekeza mpaka ku Vubwi. Kwathu mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa, kutanthauza kuti amamasulidwa kuti abwerere kwawo, popeza nyumba ndi munda ndi za mbumba ya mkaziyo. Amayi a ku malire anangoweramitsa mutu, akuyang'ana zala za kumapazi.

Ndisaname kuti ndinali ndi nzeru zokonzeratu. Linali funso chabe, lofanana ndi la mphasa lija, ndipo linatuluka ndisanalitseke.

"Malume, ndifunseko. Kodi mlongo amasudzulidwa?"

Malume anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo cha kutali. Ndinaona amayi anga akusendera kufupi, ndipo ntchafu yanga inakumbukira zakale, koma ndinapitiriza.

"Ine ndimadziwa kuti amasudzula mkamwini, kapena mkazi wamasiye. Nanga awa mukuwasudzula ngati ndani?"

Mmodzi wa adzukulu aja anatsokomola, wina anayamba kumwetulira akuyang'ana pansi. Malume anatenga nsonga ya malaya n'kupukuta thukuta pamphumi, ngakhale kunali mphepo yozizira ya mwezi umenewo. Akanati awasudzule, ndiye kuti avomera pamaso pa adani awo zimene anakana ali pa belo la thonje. Akanati ndi mlongo, mlongo samuchotsa pa dothi la mbumba yake. Ndinawamvera chisoni pang'ono, chifukwa msampha umenewu anautchera okha.

Amene anamasula nkhaniyi ndi amayi anga, omwe aja onditsina. Anatola lezala pa mbale, naimirira.

"Achimwene, munanena nokha ku Sinda kuti awa ndi mlongo wanu, ndipo anthu anamva. Bwerani kuno, mng'ono wanga, ndikumeteni."

Anawameta pamzere wa alongo, tsitsi loyera likugwera pa chitenje. Malume, poti pakamwa sipawasowa, anati n'zimene ankatanthauza kuyambira poyamba, kungoti anthu a masiku ano samvetsa chilankhulo cha akulu. Mbuzi ija sinatchulidwenso. Amayi a ku malire anatsala m'nyumba mwawo, ndi dimba, ndi njinga yopanda woikanganira.

Ndinabwerera ku Katete mapewa ali m'mwamba. Ndinkadziuza kuti funso langa lagwira ntchito ya pepala lija la kumayiko akutali, popanda kusaina kapena kudikira pulezidenti. Mdala wa kukhoti atabwera kudzatenga buluku lake ndinamufotokozera zonse, ndipo anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde. Masankho anachitika, wina anapambana, ena anagwa. Nkhani ya amuna okwatirana inazimiririka sabata yomweyo, anthu n'kubwerera ku feteleza. Sindinamvenso munthu akufunsa kuti mtsogoleri uyu kapena uyo ali mbali iti pa nkhaniyi, ndipo ndikhulupirira kuti idzadzukanso zitenje zikadzagawidwanso.

Koma funso langa lenileni, lija la ndili mwana, linali lidakali m'mimba. Kodi anthu awiri aja anali chiyani? Ndinkalingalira kuti tsiku lina ndidzapeza amayi a ku malire ali okha kudimba, ndidzawafunse bwinobwino.

Anabwera okha patapita mwezi. Anatsika minibasi ndi beseni la matimati, tsitsi litayamba kumera ngati udzu wa pambuyo pa lupsa. Anakhala pa benchi langa n'kudikira mpaka mayi amene ndinkamuyesa diresi la ukwati atachoka. Kenaka anatulutsa m'kapulasitiki nsalu yakuda bii, yatsopano, yosachapa.

Telala aliyense kuno amadziwa tanthauzo la nsalu imeneyo. Wotaya m'bale amamanga duku lakuda masabata angapo n'kuvula. Diresi lakuda ndi la mkazi wamasiye, ndipo amalivala chaka chonse. Ndinafunsa motsitsa mawu ngati akufuna diresi.

"Diresi ayi, mwanangu, malume anu angavutike nazo," anatero. "Mundisokere mapitikoti awiri. Ina ikachapidwa, ndizivala inayo."

Ndinatenga tepi. Ndinkadziwa miyeso yawo pamtima chifukwa cha madiresi a Khirisimasi aja, koma m'chiuno munali mutachepa ndi zala zinayi. Ndili chogwada pamaso pawo, anagwira phewa langa kuti bondo lisawagwetse, nati ndinachita bwino tsiku lometa lija, nyumba ali nayo, ndipo sadzaiwala. Kenaka anawonjezera:

"Musoke zolimba. Ndivala chaka chathunthu."

Funso lija linali pa lilime, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wanga ndinalimeza. Manyazi anandigwira, chisoni chinabweranso pamwamba pake. Ndinali nditadzitama mwezi wonse kuti ndinawapezera nyumba, osaona kuti ndinawapezera powapatsa dzina la mlongo, ndipo mlongo saloledwa kulira monga iwo ankafunira kulira. Ankayenera kubisa maliro awo pansi pa zovala kuti denga likhale lawo.

Ndinasiya diresi la ukwati lija pambali n'kusoka mapitikoti awiriwo iwo ali pomwepo, msoko uliwonse ndikuubwereza kawiri. Nditamaliza anapita kuseri kwa sitolo, navala imodzi. Pobwera anali atamanga pamwamba pake chitenje chakale cha kampeni chimene malume anagawa m'mudzi, nkhope itayamba kale kusuluka. Anaweramira pansi kuona ngati chakuda chikuonekera m'munsi, ndipo ndinawauza kuti sichikuoneka. Ndinawasenzetsa beseni, napita kukakhala pamzere wa ogulitsa matimati.