Malonda a Tambala M'munda wa Mabomba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinachita malonda ndili chigwirire kabudula m'manja. Lero ndimagulitsa nsapato za m'mabelo pamsika wa Hauna, ndipo aliyense angakuuzeni kuti Layisoni satsitsa mtengo msanga. Koma palibe malonda amene anandichititsa thukuta ngati a tsiku limenelo.

Munali mu 2008. Tinkakhala mukomboni ya esiteti ina ya tiyi ku Honde, dera la Achishona kumalire ndi Mozambiki, kumene agogo anafikira atachoka ku Mulanje, ndipo bambo anga ankathyola tiyi monga ankachitira agogowo. Chaka chimenecho ndalama zinasanduka mapepala wamba, m'masitolo a pa Hauna munali mbee, ndipo mwezi ukatha antchito ankapatsidwa mapaketi a tiyi m'malo mwa malipiro. Tiyi sakhutitsa munthu. Choncho anthu ankasenza mapaketiwo n'kuwolokera ku Mozambiki kukasinthanitsa ndi chimanga. Bambo ananditenga chifukwa mitu iwiri imasenza zambiri.

Njira yachidule inkadutsa m'tchire momwe asilikali anakwirira mabomba pa nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe. Anzathu Achishona amawatcha zvimbambaira. Kanjirako kanali kakang'ono, kopondekapondeka, ndipo aliyense ankadziwa kuti kumbali kwake sikupondedwa. Tisananyamuke bambo anandigwira khutu.

"Phazi lako lisachoke m'njira. Chipewa chikauluka, chisiye. Ukaona njoka, ima. Wamva?"

Ndinati ndamva. Za njoka ananena, za chipewa ananena. Za m'mimba sananene.

Tinanyamuka m'mawa mame akadali tho, atatu: bambo patsogolo, pakati Mai Rudo, mzimayi wa mpingo wa Apositoli amene ankakhala khomo loyandikana nafe, ine pambuyo. Dzulo lake ndinali nditadya mango aawisi, m'mawawo n'kuthirapo tiyi wopanda shuga. Titalowa m'tchire muja, m'mimba munayamba kuwira.

Tsono kwathu mwana sadzithandiza pamaso pa kholo lake, ndipo kutchula n'komwe nkhani yotereyi pali mzimayi wamkulu ndi mwano. Ku esiteti zinali zosavuta: umangotsalira pang'ono, n'kulowa pakati pa mizere ya tiyi, palibe wofunsa. Thupi langa linachita zomwe linazolowera. Ndinatula thumba m'njira mwakachetechete, n'kulowa m'udzu kufuna chitsamba choti chindibise. Mwana waulemu.

Nditamasula kabudula ndi pamene ndinauona. Waya wopyapyala, wadzimbiri, wokungika pakati pa udzu, womangidwa pa kachitsulo kozikidwa pansi. Unali pafupi ndi mwendo wanga moti dontho la mame lolendewera pa wayapo ndinkaliona likunjenjemera.

M'mimba munaleka nthawi yomweyo. Miyendo inakhala ngati ya munthu wina. Ndinafuna kukuwa koma kunangotuluka kamawu ngati ka mwanapiye.

"Ababa."

Woyamba kucheuka anali Mai Rudo. Anaponya katundu pansi, manja kumutu.

"Maiwe, mwana! Jesu wangu, mwana afa!"

Nditaona nkhope yawo, miyendo ija inadzuka. Inafuna kuthamanga, kulikonse, mosayang'ana pansi. Ndikanathamanga bwenzi nkhaniyi akulemba wina.

"Garai pasi, amai," anatero bambo m'Chishona, mawu ali pansipansi. "Khalani pansi, yang'anani kuphiri uko. Pempherani chamumtima."

Kenaka anabwerera mpaka pamene panali thumba langa, ananjuta m'njira, anatsitsira chipewa kumaso, n'kutulutsa mpeni wawo wopinda ndi kachidutswa ka nzimbe. Anayamba kusenda n'kumatafuna ngati ali pakhonde Lamulungu masana.

"Layisoni, popeza waima kale, tiye timalize nkhani ya tambala uja."

Tambala ameneyu ndiye anali chuma changa chonse. Ndinayamba ndi legeni, legeni ndinasinthanitsa ndi mbira ziwiri, mbirazo n'kupeza tambala. Bambo anakhala akumufuna kuti akhale ndiwo, ine ndikukana.

"Ababa, pali waya."

"Ndauona. Usiye, si wako. Tambala uja ndikupatsa jombo zanga zakale."

Sindikudziwa kuti yankho linachokera kuti. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula.

"Zobooka zija?"

"Kubooka n'kumodzi kokha. Polowera mphepo."

"Ndi zazikulu, Ababa. Zonse ndi za phazi lamanzere."

"Sindikumva. Ine sindichita malonda mokuwa ngati chidakwa. Tembenuka pang'onopang'ono, pomwe waimapo. Eya. Ukuona pamene udzu wagona, pamene wasasa mame pobwera? Ponda pomwepo, osati pena. Tsono umati chiyani?"

Ndinaponda.

"Ndimati jombo ayi. Mpeniwo."

"Mpeni uwu?" Anaseka, kuseka kwachipongwe kumene ogula amaseka kuti wogulitsa adzikayikire. "Pa nkhuku yometa khosi ngati yadwala chipere? Tambala wolira dzuwa lili pamutu?"

"Ndi kameta, Ababa, ndi mtundu wake! Ndipo amalira m'mawa, inu ndi amene mumakhala mutapita kale kumunda!"

"Yang'ana pansi poyankhula ndi akulu. Pali udzu wogona patsogolo pakopo. Ponda."

Ndinakwiya zenizeni. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kufuna kubera mwana! Ndinkaponda, n'kuyankha, n'kuponda, dzanja limodzi lili pa kabudula chifukwa sindinayerekeze kuwerama kuti ndimange. Iwo ankanyoza tambala wanga kuyambira lipombo mpaka zikhadabo, ine ndikunyoza jombo zawo. Kumbuyo kwawo Mai Rudo ankang'ung'udza nyimbo, atatifulatira.

Kenaka udzu unatha. Pakati pa ine ndi njira panali kamalo ka timiyala ndi dothi louma, popanda mame, popanda chilichonse chosonyeza pamene ndinadutsa. Ndinaima.

"Ababa, sindikuona."

Mpeni unaleka kusenda. Ndiye bambo anati, mofulumira:

"Chabwino. Mpeni ndi jombo, zonse. Ndi chipewa chomwe."

Apa ndiye ndinaopa kuposa pa waya paja. Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa kale kuti wogula akakweza yekha mtengo usanamupemphe, ndiye kuti wapanikizika. Bambo anga anali asanawonjezepo kanthu pa malonda chibadwire. Ndinazindikira kuti nawonso sakudziwa poti ndiponde. Mkodzo unatsika ndi mwendo, wofunda, ndipo sindinachite nawo manyazi.

"Usandiyang'ane ine," anatero. "Nsapato zakozo ndi za tayala. Tayala limasiya mizere. Funa mizere. Ine sindithamangira kwina, tambala wako sakundisowetsa tulo."

Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa. Pambali pa kamwala kena, pa dothi lofukulidwa ndi nyerere, panali timizere titatu topingasa. Ndinaika phazi pamenepo, maso otsinzina. Sipanachitike kanthu. Patsogolo pake udzu wogona unayambiranso, ndipo ndisanathe kuganiza, dzanja linandigwira pamkono n'kundikokera m'njira mwamphamvu moti phewa linandipweteka mlungu wonse.

Ndinadikira khofi. Silinabwere. Bambo anakhala pansi, miyendo tambalale ngati mwana, n'kusanza nzimbe yonse ija. Atafuna kupinda mpeni, zala zinakana, mpaka Mai Rudo anawapindira. Pa chala chachikulu cha bambo pankatuluka magazi. Anali atadzicheka posenda osamva n'komwe.

Ine, chitsiru cha malonda, ndinati: "Ndiye mwati ndi chipewa chomwe?"

Bambo anati: "Manga kabudula, mbava iwe."

Chimanga tinakatenga, tinabwerera njira yomweyo, ine pakati. Tambala tinadya Loweruka lake. Mpeni anandipatsa, chipewa anakana, akuti munthu sagwidwa ndi mawu amene wanena ali m'tchire.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza kuti anthu aseke, ngwazi ndili ine: mwana amene anapambana malonda pakati pa mabomba. Ndinayamba kuiona mwina nditabereka. Mwana wanga wamkazi akagwa, asanalire amayamba wayang'ana nkhope yanga kuti adziwe ngati wapweteka. Ndikadzidzimuka, amalira. Mantha a mwana amabwerekedwa kwa akulu, ndipo tsiku lija pa nkhope ya Mai Rudo ndinatenga ochuluka. Ndinaonanso kuti munthu wouma ndi mantha sumusuntha pomuuza kuti asaope. Bambo sananene mawu amenewo ngakhale kamodzi. Anafufuza chinthu china chimene chinali chamoyo mwa ine, kaumbombo kanga ndi kamkwiyo kanga, n'kukoka pamenepo. Mwana wina akanamukoka ndi nyimbo kapena ndi dzina la amayi ake. Ine anandidziwa.

Tsopano akalamba, amakhala ndi mlongo wanga ku Ruda, ndipo amaopa zinthu zimene kale akanaziseka: masitepe a kuchipatala, kuwoloka msewu, kutsala okha panyumba. Chaka chatha ndinawafunsa ngati anaopa tsiku lija.

"Iwe unkaopa kufa," anatero. "Zimenezo n'zopepuka, za ana. Ine ndinkaganiza zoti ndikafike pakhomo ndi matumba awiri, amayi ako n'kufunsa kuti mwana ali kuti."

Pa zaka khumi ndi chimodzi ndinkaopera thupi langa, ndipo mantha amenewo anatha nditangoponda m'njira. Awo sanathe. Ndikuwadziwa tsopano, chifukwa ndi amene ndimadzuka nawo m'mawa uliwonse mwana akamapita kusukulu, ndipo ntchito yanga ndi yoti asawaone.