Mbuzi Zosapeza Bwino Pang'ono

Ntchito imeneyi ndinaipeza chifukwa ndinali ndi telefoni yosasweka galasi, komanso ndinaphunzitsapo akuluakulu kuwerenga pa shikola ya ku Mualadzi. Anandilemba ndi mtsikana wina wa ku Tete, katswiri wa makomputadolo. Bungwe lake linkakonza makina oyankha alimi pa telefoni.

Anandiuza kuti makinawo paokha sadziwa za kuno. Ali ndi zida zitatu zimene amatuma: china chofufuza za mvula, china chofufuza mitengo ya zokolola pamsika, chachitatu choitana alangizi a zaulimi. Chida chilichonse chili ndi mawu ochepa ofotokoza ntchito yake. Munthu akafunsa, makina amawerenga mawuwo n'kusankha chida.

"Inu muzifunsa mafunso, muziona chida chimene asankha," anatero. "Akalondola, chongani. Akaphonya, mundiuze mawu amene awasocheretsa."

Tinkakhala pa chulu cha kuseri kwa ofesi ya boma ya pa posto, poti ndi pamene telefoni imagwira. Masiku awiri oyamba ndinafunsa mafunso a chiphunzitsi, osambitsidwa bwino. Kodi mvula igwa mawa? Kodi chimanga chikugulidwa bwanji ku Cassacatiza? Makina sanaphonye. Mtsikanayo anayamba kulongedza katundu.

Tsiku lachitatu atsibweni anga anatipeza pachulupo akukankha njinga. Iwo anakhala zaka za nkhondo ku Malawi, ndipo mpaka lero adubu amati feteleza. Ndinawapatsa telefoni kuti ayese.

Anavula chipewa, napereka moni kwa makina, nafunsa ngati kumene achokerako kuli bwino. Kenaka anati, "Ndafuna kufunsa za mtengo wanga wa mango. Ukuuma."

Makina anawauza mtengo wa mango pamsika wa ku Chifunde.

"Sindikugulitsa," anatero atsibweni.

Tinayang'ana mawu a chidacho. Panalembedwa kuti: chofufuzira mtengo wa zinthu za kumunda. Mtsikanayo anakulira m'Chiputukizi, mmene mtengo womera ndi mtengo wogulira ali ndi mayina osiyana. Anamasula katundu wake.

Atsibweni sanathere pomwepo. Makina atawafunsa ngati pali china, anayankha mwa ulemu wa kwathu kuti mavuto ndiye ndi aakulu, satha. Mawu a chida chachitatu ankati: chigwiritsidwe ntchito pakakhala vuto lalikulu. M'mawa mwake alangizi anatulukira pa mota, njinga yawo yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anapeza atsibweni akukazinga chimanga, ali bwinobwino. Anadya chimangacho, naona mtengo wa mango uja, nanena kuti wakalamba, nabwerera.

Tinakonza mawuwo. Tinalemba kuti madandaulo a pa moni si vuto. Ndinachonga, ndipo ndinadziona wanzeru.

Sabata yotsatira anabwera mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa dambo. Telefoni sanafune kuigwira, anati ndiwagwirire ine. Anaweramira pafupi nayo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mbuzi zanga sizikupeza bwino pang'ono."

Makina anawapepesa, nawauza kuti mawa kuchita mitambo.

Mayiwo anathokoza nanyamuka. Ine ndinalemba m'kabuku kuti yankho silinali logwirizana kwenikweni, koma si lolakwika kwambiri. Ndinalemba ndi dzanja langa, ine wobadwira konkuno. Anali atafika kale pamsewu pamene mawu aja akuti pang'ono anandibwerera m'mutu. Mayi anga ankanena choncho chaka chimene anamwalira. Ndinawathamangira mayi a mbuzi aja.

"Amayi, zafa zingati?"

"Zitatu."

"Zatsala zingati?"

"Zinayi. Ziwiri sizikudzuka."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndi alendo aja," anatero, akuloza telefoni ndi milomo. "Mlendo sumuyamba ndi maliro."

Alangizi tinawaimbira tokha. Madzulo amenewo ndinalemba mawu atsopano a chidacho, ndipo anadzaza tsamba. Mtsikanayo anati atalika, makina adzasokonezeka. Ine ndinati afupiwo ndi amene apha mbuzi. Anandikumbutsa kuti mbuzizo zinafa mayiwo asanafunse. Zinali zoona, koma sindinavomere msanga. Tinadula, tinabwezera, tinadulanso. Otsala anali awa: Anthu a kuno vuto lalikulu amalichepetsa. Wina akatchula chiweto kapena mbewu yosapeza bwino, ngakhale anene kuti pang'ono, funsani kuti zafa zingati, ndiponso kuti zinayamba liti. Ngati chafa ngakhale chimodzi, itanani alangizi.

Poyesa mawuwo sindinadzikhulupirirenso. Ndinkaima pachigayo ndi pachitsime n'kupempha aliyense kuti afunse mmene amafunsira kwawo. Ena ankayamba ndi kutali, ena ankasakaniza mawu a ku Zambia. Makina anaphonyabe kangapo. Nthawi ina anafunsa bambo wina kuti zafa zingati, pamene bamboyo ankanena za apongozi ake. Tinawonjezera chiganizo.

Pa mbuzi zinayi zija, ziwiri zinapulumuka. Alangizi anati akadafika dzana lake, mwina zikadakhala zitatu, koma iwo amatero pa chiweto chilichonse.

Mtsikana uja anabwerera ku Tete mvula isanayambe. Makinawo akugwirabe ntchito, ndipo alangizi amadandaula kuti mota yawo sipumanso. Mayi aja sanalankhulenso ndi telefoni. Mbuzi ikatsokomola amadutsa dambo wapansi, n'kufika pakhomo panga. Timapatsana moni mpaka utatha, amandiuza kuti kunyumba kuli bwino, ndipo ine ndimapita kukatenga nsapato.